Malasha akupita, madzi akutsala: akuyeza ndani?

Sitima yapamadzi ikamakocheza pa doko la Nacala-a-Velha kudzatenga malasha, anthu amati yabwera yopanda kanthu. Koma siibwera chimanjamanja ayi. Chombo chachikulu chotere sichingawoloke nyanja yamchere chili chopepuka, chifukwa chingatukuke kwambiri pamwamba pa madzi, chopalasira chake cha kumbuyo n'kumazungulira theka lili m'mwamba, mphepo n'kumachikankhira kumene yafuna. Ndiye chikangotsitsa katundu ku India kapena ku Japan, chimapopa madzi a padoko lomwelo n'kudzaza matanki a m'mimba mwake kuti chilemere. Amenewa ndiwo madzi a balasiti. Chombo chonyamula malasha matani 180,000 chimamwa madzi otere matani masauzande makumimakumi, ndipo chikafika kotenga katundu chimawalavula padoko pamene malasha akulowa.

Malashawo timawadziwa bwino. Amakumbidwa ku Moatize m'chigawo cha Tete, n'kuyenda pa njanji ya makilomita oposa 900 imene imadutsa pakhomo pathu: Mwanza, Neno, Nkaya, Liwonde, mpaka kutulukira pa Nayuchi. Matani ake amalembedwa, mabogi ake amawerengedwa, ndalama zake zimakambidwa m'misonkhano ya nduna. Nanga madzi amene amatsala ku Nacala m'malo mwa malashawo, amawalemba ndani? Ndani amatunga ngakhale botolo limodzi kuti aone chimene chikusambira m'menemo? Ndipo zimene wapezazo zimasindikizidwa kuti, kuti msodzi wa ku Nacala kapena mtolankhani wa ku Lilongwe akaziwerenge?

Pakuti madziwo sabwera okha. M'menemo mumakhala mazira a nsomba, ana a nkhanu ndi a nkhono osaoneka ndi maso, ndere, tizilombo toyambitsa matenda, komanso matope amene amadikha pansi pa thanki n'kusunga mbewu za zamoyo zina kwa miyezi. Zambiri zimafera m'njira, mumdima ndi njala. Zina zimafika zamoyo koma n'kufa chifukwa madzi a kuchilendo ndi ozizira kapena amchere mopitirira. Vuto lili pa zochepa zotsalazo, zimene zimapeza chakudya cha mwanaalirenji pamene adani amene ankazidya kwawo kulibe. Magawo oposa 80 pa 100 aliwonse a katundu wa malonda a pakati pa mayiko amayenda panyanja, ndipo chaka chilichonse zombo zimasamutsa madzi a balasiti matani mabiliyoni angapo. Maulendo akachuluka chotere, ngozi ya kamodzikamodzi imasanduka ya chaka ndi chaka.

Afunseni asodzi a ku Black Sea. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 m'nyanja yawo munaoneka kanyama kofewa, koonekera mkati, kopanda fupa kapena chigoba, kotchedwa Mnemiopsis leidyi. Kwawo ndi ku gombe la kum'mawa kwa America, ndipo akatswiri amagwirizana kuti kanawoloka Atlantic m'matanki a zombo. Kanyamaka sikaluma munthu. Kamangodya tizamoyo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, chakudya chimene ana a nsomba amakulira, n'kudyanso mazira a nsombazo. Pofika 1989 kanali katadzaza nyanja yonse, ndipo usodzi wa tinsomba ta anchovy, tomwe tinkadyetsa mabanja ndi mafakitale ku Turkey, Bulgaria, Romania ndi Soviet Union, unagwa chagada. Kunena chilungamo, nyanjayo inali itadwala kale ndi kusodza mopyola muyeso komanso zonyansa zobwera ndi mitsinje ngati Danube. Koma kodi gombe lathanzi lenileni ndi liti masiku ano? Mu 1999 kanyama komweko kanapezeka mu Caspian Sea, n'kugwetsanso usodzi wa tinsomba ta kilka. Chimene chinapepuza Black Sea si boma kapena lamulo ayi. Ndi kanyama kena kachilendo, Beroe ovata, kamene kanatulukira cha mu 1997 nako mosaitanidwa, chakudya chake n'kukhala Mnemiopsis yemweyo. Kodi nafenso ndondomeko yathu ikhale yodikira mwayi wotere?

Zombo zinabweza ngongoleyo. Nkhono ya zigoba ziwiri yotchedwa zebra mussel, ya kudera la Black Sea ndi Caspian komweko, inapezeka mu Lake St. Clair pakati pa United States ndi Canada mu 1988. Imamatirira pa chilichonse cholimba, ina pamwamba pa inzake, mpaka paipi yaikulu kutsekeka. Chaka chotsatira mipopi ya tawuni ya Monroe ku Michigan inauma nkhonozi pamodzi ndi madzi oundana zitatseka potungira, ndipo mpaka lero malo opangira magetsi ndi mabungwe a madzi kuzungulira nyanja zikuluzikulu za kumeneko, zotchedwa Great Lakes, amataya ndalama chaka ndi chaka kupala mapaipi. Amenewa ndi mayiko awiri olemera, ndipo alephera kuichotsa. Amene akulotabe za doko la Nsanje ndi njira ya pamadzi ya Shire ndi Zambezi akumbukire kuti Great Lakes ndi madzi opanda mchere, ndipo chimene chinatsegulira zombo zikuluzikulu za panyanja yamchere kuti zilowemo ndi ngalande ya St. Lawrence Seaway ya 1959.

Tisaganize kuti izi n'za kutali. Nkhono ya ku Mediterranean, Mytilus galloprovincialis, inaoneka ku gombe la kumadzulo kwa South Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lero yatenga miyala ya m'mphepete mwa nyanja pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, n'kulowanso ku Namibia, kwinaku ikupanikiza nkhono za eni dera. Nkhanu yobiriwira ya ku Ulaya inapezeka pa doko la Cape Town mu 1983. Ena adzati nkhono ya ku Mediterranean yabweretsanso phindu, ndipo sakunama: imawetedwa ku Saldanha Bay n'kugulitsidwa, ndipo mbalame ya kugombe yotchedwa African oystercatcher yachuluka chifukwa cha chakudya chatsopanochi. Chabwino. Koma anasankha ndani? Ndi msonkhano uti unavomereza kuti gombe lonse lisinthe nkhope? Poti mtundu umodzi wabala phindu, ndiye tilole ina yonse ilowe osafunsidwa?

Lamulo lilipo, koma mbiri yake ndiyo ikutidetsa nkhawa. Canada inakadandaula za nkhaniyi ku IMO, bungwe la United Nations loona za maulendo a panyanja, mu 1988. Pangano la mayiko lokhudza madzi a balasiti linavomerezedwa pa 13 Febuluwale 2004. Kuti liyambe kugwira ntchito panafunika mayiko 30 okhala ndi 35 peresenti ya matani a zombo zamalonda za padziko lonse. Mayikowo anakwana msanga koma mataniwo ayi, popeza zombo zambiri zimakweza mbendera za mayiko ochepa okha. Finland ndiyo inakwaniritsa chiwerengerocho mu Sepitembala 2016, ndipo Panama, mwini kaundula wamkulu wa zombo nthawi imeneyo, inalowa zinthu zitapsa kale. Panganolo linayamba kugwira ntchito pa 8 Sepitembala 2017, koma eni zombo anapempha nthawi yoti agule makina, n'kupatsidwa mpaka pa 8 Sepitembala 2024. Kuchokera pa dandaulo la Canada kufika tsiku limenelo ndi zaka 36, matanki akukhuthulidwa usana ndi usiku. United States mpaka pano siinalowe m'panganoli, imayendera malamulo akeake.

Poyamba zombo zinkangouzidwa kusintha madzi pakati pa nyanja, mamailosi a panyanja 200 kuchokera kumtunda, pamalo akuya mamita 200, poganiza kuti zamoyo za m'madoko sizingapirire pakati pa nyanja ndipo za pakati pa nyanja sizingapirire padoko. Tsopano chombo chimayenera kukhala ndi makina ophera zamoyozo. Ambiri mwa makinawa amayamba ndi sefa, kenako kuwala kwa UV kapena klorini wopangidwa ndi magetsi kuchokera m'madzi amchere omwewo. Muyeso wake ndi wokhwima: m'malita 1,000 a madzi otayidwa musapezeke zamoyo zofika 10 za msinkhu woyambira pa mamaikulomita 50, womwe ndi pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mulinso malire a tizilombo ta kolera ndi E. coli, ndipo sanaziikemo mwangozi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mliri wa kolera uli mkati ku South America, tizilombo take tinapezeka m'madzi a balasiti a zombo zimene zinakocheza ku madoko a kumwera kwa United States. Ife amene tinaika m'manda anthu oposa 1,700 pa mliri wa 2022 ndi 2023 sitisowa wotiuza kufunika kwa mzere umenewo.

Komatu muyeso wolembedwa ku IMO ndi china, woyeza woimirira padoko ndi chinanso. Kuwerenga zamoyo zosakwana khumi m'malita 1,000 kumafuna zida zotungira, maikulosikopu, labotale yapafupi, ndi munthu wophunzira amene angasiyanitse chamoyo ndi chakufa madziwo asanagonere. Woyendera zombo akakwera amayamba ndi mapepala: satifiketi, ndondomeko ya chombocho, ndi buku lolembamo nthawi ndi malo amene madzi anatengedwa kapena kutayidwa. Nanga bukulo amalemba ndani? Amalinyero a m'chombo momwemo. Sitikuwatcha abodza. Ambiri ndi anthu otopa, ochepa pa ntchito yambiri, okakamizidwa kunyamuka pa ola lake chifukwa tsiku lililonse chombo chikaima madola masauzande amapita. Koma kodi lamulo lingaime pa umboni wa woyezedwa yekha? Pangano lomwelo limati chombo chochedwetsedwa popanda chifukwa chiyenera kulandira chipukuta misozi. Ndiye woyendera wa pa doko losauka alimba mtima ndi chiyani kuimitsa chombo, ngati alibe poyezera?

Apa pali kusalingana kumene sikukambidwa mokwanira. Dziko logulitsa katundu wolemera wosakonzedwa ndilo limalandira madzi ambiri, chifukwa zombo zimabwera kwa ilo matanki ali tho. Saldanha imatumiza miyala ya chitsulo, Richards Bay ndi Nacala zimatumiza malasha. Australia, yomwe nayo imagulitsa za m'migodi, inaona kanyama ka miyendo isanu ka ku nyanja za Japan ndi Korea, Asterias amurensis, katakhazikika ku Tasmania mu 1986, n'kuwolokera ku Port Phillip Bay pafupi ndi Melbourne m'zaka za m'ma 1990, ndipo inakhwimitsa malamulo chifukwa ili ndi ndalama zochitira zimenezo. Africa imagulitsa za m'nthaka, imalandira madzi, koma ndiyo ili ndi malabotale ochepa.

Palinso nkhani ya matope, imene ogulitsa makina sakonda kuikamba. Sefa imatsekeka m'madzi amatope, ndipo kuwala kwa UV sikulowerera bwino m'madzi ovunduka. Zikatero amalinyero amalambalala makinawo kuti ntchito isaime. IMO yomwe inavomereza vutoli n'kutulutsa malangizo apadera mu 2024 a madoko a madzi ovuta. Tsono taganizani za Beira, pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, doko lochita kukumbidwa kawirikawiri kuti lisakwiririke. Chombo chimene chatsitsa petulo kapena feteleza wa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe chimadzaza matanki ndi madzi amenewo n'kupita nawo kwina. Ndiye kuti sife olandira chabe, katundu wathu nayenso amatumizira ena mavuto. Thumba la feteleza likafika ku Mchinji, mtengo wake umakhala utawerengera chombo, doko, thiraki ndi phindu la wogulitsa. Madzi a Pungwe okatayidwa ku doko lina ali pa risiti ya ndani?

Zonsezi n'za m'mimba mwa chombo. Nanga pakhungu pake? Nkhono, ndere ndi tinyama tina timamera pansi pa chombo, pa unyolo wa nangula, ndi m'mabowo olowera madzi oziziritsa injini. Ofufuza m'madera angapo apeza kuti njira imeneyi yabweretsa zamoyo zachilendo zochuluka ngati madzi a balasiti, kwina kuposa. Kale zombo zinkapakidwa penti wa poizoni wotchedwa TBT, koma anapezeka kuti akupundula nkhono m'madoko, ndipo analetsedwa mu 2008. Kuletsako kunali koyenera. Koma pa za zomera pansi pa zombo, IMO ili ndi malangizo chabe, a 2011 amene anakonzedwanso mu 2023, oti mwini chombo atsatire akafuna. Mu Epulo 2025 mayiko anagwirizana zoyamba kukonza lamulo lomanga aliyense. Kodi nalonso lidya zaka 36? Eni zombo amati musade nkhawa, ifenso timafuna chombo chosalala chifukwa chokhakhala chimamwa mafuta ambiri. Zoona, mbali zikuluzikulu amazipala. Koma timabowo ndi tingodya tobisika sitikhudza mafuta, ndipo m'menemo ndimo zamoyozo zimabisala. Ndani angalipire munthu womira pansi pa madzi kukapala malo osabweza ndalama, popanda womukakamiza?

New Zealand inasonyeza kuti kukakamiza n'kotheka. Mu Malichi 2017 inalamula chombo chonyamula katundu cha DL Marigold kuti chichoke pa doko la Tauranga chifukwa pansi pake panali patamera zambiri, ndipo kuyambira mu Meyi 2018 chombo chilichonse chofika m'dzikolo chimayenera kubwera choyera. Ngakhale zombo zonyamula anthu olemera okaona malo zabwezedwapo, alendo ali m'kati momwemo. Timawayamikira. Koma funso lotikhudza nali: chombo chokanidwa kumayiko okhwimitsa malamulo chimakapalidwa kuti? Zopalidwazo zikagwera pansi pa doko zambiri zimakhala zikadali zamoyo. Mayiko olemera akamatseka madoko awo limodzilimodzi, ntchito yauveyo imasamukira kumene kulibe wofunsa. Kodi madoko a kum'mawa kwa Africa amanena motsimikiza kumene chombo chingapalidwe, ndi kumene zopalidwazo zikatayidwe?

Zoopsa kwambiri si zombo zothamanga, koma zoyenda pang'onopang'ono ndi zokhalitsa pamalo amodzi: makina okumba madoko, zombo zokokedwa, ndi nsanja zokumbira mafuta. Brazil inalandira korali wachilendo wotchedwa Tubastraea pa nsanja za mafuta m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero wafalikira m'gombe lake lalitali n'kumalanda malo a makorali a komweko. Ku Cabo Delgado ntchito ya gasi ikukoka zida zoyandama zochokera kutali. Fakitale yoyandama ya Coral Sul inamangidwa ku South Korea n'kukokedwa kuwoloka Indian Ocean mpaka kufika mu Januwale 2022. Sitikuloza chala kampani iliyonse, tikufunsa boma. M'chigawo chomwecho muli zilumba za Quirimbas ndi matanthwe a makorali amene amadyetsa midzi ya asodzi. Kodi chida chilichonse chofika chimayang'anidwa pansi chisanalowe, ndipo lipoti lake anthu wamba angalione?

Tikulimbikira za pachipata chifukwa m'nyanja madzi akatayika sawoleka. Nkhani yodziwika ya chipambano ndi ya ku Darwin, ku Australia, mu 1999. Nkhono yachilendo ya mizere yakuda itapezeka m'malo oimikamo maboti, boma linatseka malowo m'masiku ochepa, n'kuthiramo klorini ndi mankhwala a kopa, kupha chilichonse chimene chinali m'menemo, chachilendo ndi cha eni dera chomwe. Zinadya madola a ku Australia oposa 2 miliyoni. Zinatheka chifukwa malowo anali ndi zitseko zotsekera madzi, ndiponso chifukwa panali anthu oyendera doko amene anazindikira msanga kuti nkhono iyi si ya kuno. Pa Nacala, pa Beira, pa Dar es Salaam palibe chitseko chotsekera nyanja. Nanga mndandanda wa zamoyo za m'madoko amenewa, woti woyendera aziyerekezera, ndi wa chaka chiti? Saldanha inali limodzi mwa madoko 6 padziko lonse amene pulogalamu ya GloBallast, yolimbana ndi vuto la madzi a balasiti, inayeserapo ntchito yake kuyambira mu 2000, choncho luso la kalemberayu lilipo m'chigawo chathu chomwechino.

Ife a kumtunda tili ndi namasupuni wotiphunzitsa. Kwawo ndi ku South America, ndipo ngakhale nkhani yake si ya matanki a zombo, khalidwe lake ndi lomweli. Tamuvuula pa Liwonde zaka zambiri, tagula makina, tamasulamo tizilombo tomudya, makina a magetsi a pa Nkula akhala akuima chifukwa cha zinyalala za m'madzi, koma mu Shire akadalimo. Umenewotu ndi mtsinje umene munthu amaona tsidya lake.

Lipoti la akatswiri a zachilengedwe a IPBES la mu 2023 linati zamoyo zachilendo zolanda malo, za pamtunda ndi za m'madzi, zinkawonongetsa dziko lapansi madola oposa 423 biliyoni pachaka pofika 2019. Gawo la m'nyanja la ndalama imeneyo salipira ndi mwini chombo. Iye angakhale ku Athens kapena ku Singapore, chombo chake chili ndi mbendera ya Liberia, amalinyero ndi a ku Philippines, ndipo pamene vuto likuonekera padoko, zaka zisanu kapena khumi zitadutsa, palibe angaloze kuti chinali chombo chiti. Wolipira ndi mayi wotola nkhono madzi akaphwa, msodzi wa ngalawa ya matanga, ndi bungwe la madzi lopala mapaipi. Bwanji mtengo wa labotale ndi wa oyendera usaikidwe pa toni iliyonse yodutsa, monga zikhalira ndi zolipira zina zonse za padoko? Masenti ochepa pa toni ya malasha angagwetse malonda a ndani?

Wina anena kuti Malawi alibe nyanja yamchere, iyi ndi nkhani ya eni gombe. Koma dziko lino ndi membala wa IMO, ndipo mu Okutobala 2023 atsogoleri a Mozambique, Malawi ndi Zambia anakumana ku Nacala kutsegulira doko lokonzedwanso ndi kusainirana mapangano oti katundu wodutsa pamenepo achuluke. Katundu akachuluka zombo zichuluka, madzi otayidwa ndi otengedwa achulukanso. Ife opempha kuti zombo zichuluke sitingakane kuti zotsalira zake n'zathunso. Pokambirana alipo kale: mayiko a kugombe ali ndi pangano la Nairobi la 1985 loteteza nyanja ya kumadzulo kwa Indian Ocean, ndiponso mgwirizano wa oyendera zombo m'madoko a nyanjayo. Sipafunika bungwe latsopano ndi ma alawansi ake.

Choncho kwa nduna za zamtengatenga za mayiko atatuwa, ndi kwa aphungu amene mumavomereza ndalama za njanji ndi madoko: pa msonkhano wotsatira wa njira ya Nacala, ikani nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana. Funsani kuti chaka chathachi ndi zombo zingati zimene madzi ake anatungidwa n'kuyezedwa, zingati zinalephera, ndipo zinachitidwa chiyani. Funsani chimodzimodzi za Beira. Mayankhowo muwasindikize m'Chipwitikizi, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, kuti asodzi ndi ife tonse tiwerenge.